Parachuti yotsitsa ndege yonse: nzeru ya m'ma 1920 imene inadikira roketi zaka 50

Pa 25 Januwale 2015, kandege ka injini imodzi ka mtundu wa Cirrus SR22 kanali pa ulendo wochoka ku California kupita ku zilumba za Hawaii. Mafuta analimo m'thanki yapadera, koma valavu inakanirira moti sankafika ku injini. Kutatsala makilomita pafupifupi 400 kuti afike pachilumba cha Maui, woyendetsa anakoka chogwirira chofiira chimene chili kudenga, pamwamba pa mutu wake. Asilikali olondera gombe la America anali pafupi pa ndege yawo ndipo anajambula zonse. Kumsana kwa kandegeko kunatuluka roketi, chinsalu chachikulu chinatambasuka, ndipo ndege yonse inatsika italendewera pa zingwe mpaka inakhala pamadzi. Woyendetsayo anatuluka n'kukwera kabwato kopopa, kenako sitima yonyamula alendo inadzamutola ali bwinobwino.

Amene amaona kanemayu amakhala ndi mafunso awiri. Kodi nzeru imeneyi inayamba liti? Ndipo ngati imagwiradi ntchito, bwanji ndege zonse zilibe? Mafunso awiriwa ndi olumikizana, chifukwa zimene zinalepheretsa anthu oyambirira ndi zomwezo zimene zikuikira malire chipangizochi mpaka lero.

Parachuti ya munthu ndi parachuti ya ndege

Parachuti ndi nsalu yomangidwa ku zingwe imene imakola mpweya kuti chinthu chigwe pang'onopang'ono. Tsamba la nthochi louma ndi mwala zikagwa kuchokera pamalo amodzi, mwala ndiwo umayamba kufika pansi, chifukwa tsamba lili ndi malo aakulu okankhana ndi mpweya poyerekeza ndi kulemera kwake. Parachuti imapatsa chinthu cholemera malo aakulu oterowo.

Imene ambiri timaidziwa ndi yobereka kumsana: munthu amatuluka m'ndege, n'kudumpha, ndege n'kupita yokha kukagwa. Imene tikukamba pano ndi yomangirira ku thupi la ndege. Anthu sachoka pa mipando yawo, ndipo ndegeyo imakhala ngati dengu lowanyamula mpaka pansi.

Chodabwitsa n'chakuti mtundu wachiwiriwu ndiwo unayamba. Pa 22 Okutobala 1797, mumzinda wa Paris, André-Jacques Garnerin anakwera m'mwamba ndi chibaluni, n'kudula chingwe, natsika ali m'dengu lake lomwelo, parachuti ili pamwamba pake. Sanadumphe. Parachuti yobereka inadza patapita zaka zoposa 100. Gleb Kotelnikov wa ku Russia anapanga yake yopinda m'chikwama mu 1911. Albert Berry anadumpha kuchoka m'ndege ku St. Louis pa 1 Malichi 1912. Mu Epulo 1919, pabwalo la ndege la asilikali la McCook Field ku Ohio, Leslie Irvin anaonetsa kuti munthu angathe kudumpha kaye, kenako n'kukoka yekha chingwe chotsegulira ali kale m'malere.

Zimenezi zinathandiza asilikali ndi oyendetsa ndege za mtokoma, koma zinasiya funso lalikulu pamene ndege zinayamba kunyamula anthu wamba. Gogo, mayi wa khanda kapena mwana wa zaka zisanu sungamuuze kuti atsegule chitseko adumphe. Ngakhale woyendetsa wodziwa ntchito yake amavutika kutuluka m'ndege imene ikugwa mozungulira, chifukwa mphamvu ya kuzungulirako imamukanikizira ku mpando kapena kukhoma. Apa ndi pamene anthu anabwerera ku dengu la Garnerin.

Amene anayamba kuyesa

Mu Ogasiti 1926, ku California, woyendetsa ndege R. Carl Oelze anakwera m'mwamba ndi ndege ya mapiko awiri osanjikizana, yonyamula parachuti ya mamita pafupifupi 15 m'mimba mwake, imene anakonza Harry Doucett wa gulu la asilikali apamadzi. Ali m'mwamba anazimitsa injini n'kumasula parachutiyo. Ndege inafika pansi ndi mphamvu moti miyendo ya ndegeyo inathyoka, koma iye anatuluka wamoyo.

Chionetsero chimene chimakumbukika kwambiri ndi cha Roscoe Turner, katswiri wochita masewera a ndege m'makanema a ku Hollywood. Mu Epulo 1929, ku Santa Ana m'chigawo chomwecho cha California, anthu pafupifupi 15,000 anasonkhana kudzaona. Ndege yake ya mtundu wa Thunderbird inkalemera makilogalamu pafupifupi 1,270, ndipo parachuti ya mamita 18 inapangidwa ndi kampani ya Russell ya ku San Diego. Nayonso inatsika, miyendo inaonongeka, Turner anatuluka osavulala.

Kulimba mtima kwa anthuwa sikochepa. Ankazimitsa dala injini yabwinobwino, ali m'ndege yabwinobwino, n'kuika moyo wawo pa nsalu imene palibe anali ataiyesapo pa katundu wolemera chotero. Ndipo anatsimikizira chinthu chimodzi chimene sichinatsutsidwenso: nsalu ndi zingwe zingathe kunyamula ndege. M'zaka zomwezo Kotelnikov anaganiza njira ina, yoti chipinda cha anthu okwera chizitha kumasuka ku ndege n'kutsika chokha pa parachuti. Maganizo analipo ambiri, koma palibe kampani yopanga ndege imene inawatenga.

Chimene chinaigoneka zaka 50

Tiyenera kuona bwino mmene zionetsero zija zinkachitikira. Ndege inkauluka mowongoka, pang'onopang'ono, ili patali ndi nthaka, ndipo woyendetsa ankasankha yekha nthawi yomasulira. Ngozi yeniyeni siichita choncho. Imabwera ndege ili chopendekeka, ikuthamanga, mwinanso ili pafupi ndi mitengo.

Vuto loyamba linali kulemera. Maparachuti a nthawi imeneyo anali a siliki kapena thonje, okhala ndi zingwe zokhuthala. Yokwanira ndege yonse inkadya malo ndi kulemera kumene kukanakhala kwa munthu wolipira kapena kwa mafuta, pamene injini za nthawiyo zinali zofooka kale. Nayiloni anatulukiridwa ku kampani ya DuPont mu 1935, ndipo munthu woyamba kudumpha ndi parachuti ya nayiloni, Adeline Gray, anachita zimenezi mu 1942. Ulusi wolimba kwambiri wa Kevlar, umene umagwiritsidwa ntchito pa malamba omangira parachuti ku ndege, unabwera mu 1965 kudzera mwa Stephanie Kwolek.

Vuto lachiwiri, lomwe ndi lalikulu kuposa onse, linali kuchedwa. Parachuti yakale inkadalira sipuling'i kapena kaparachuti kakang'ono kuti mphepo ikoke chinsalu chachikulu kuchoka m'chikwama. Kumbuyo kwa ndege mphepo ndi yovunduka, ndipo pomwepo pali mchira. Ndege ikamazungulira, nsalu yotuluka mwaulesi ingathe kukulunga mchira kapena phiko, basi zonse zathera pomwepo. Komanso chinsalu chikakula, chimatenga nthawi yaitali kuti chidzaze mpweya, pamene ndege yogwa imataya mamita makumimakumi pa sekondi iliyonse.

Vuto lachitatu ndi kugwedeza kwa potseguka. Mphamvu ya mpweya pa nsalu imakula mofulumira kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Parachuti yotseguka bwino pa makilomita 100 pa ola ingathe kung'ambika, kudula zingwe, kapena kuzula pamene yamangiriridwa ngati itatsegulidwa pa makilomita 250 pa ola.

Pamene anthu ankalimbana ndi zimenezi, ndege nazo zinkasintha. Douglas DC-3, imene inayamba kuuluka mu 1935, inkalemera matani oposa 11 ndipo inali ndi injini ziwiri, moti imodzi ikafa inayo inkapitiriza. Makampani anaona kuti ndalama zawo zipindula kwambiri akaziika pa injini zodalirika, mawailesi ndi zida zoulukira m'mitambo. Asilikali anatenga njira yawoyawo ya mipando yoponya woyendetsa kunja, imene inayamba kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1940. Parachuti ya ndege yonse inatsala m'mabuku a zotulukira ndi m'zithunzi za magazini.

Roketi

Mu 1975, Boris Popov wa ku Minnesota anali kuuluka ndi hang glider, chiphiko cha nsalu chopanda injini chimene munthu amalendewera kunsi kwake. Boti linkamukoka pamwamba pa nyanja ina yaing'ono. Chiphikocho chinapindika ndipo anagwa kuchokera pa mamita opitirira 100 n'kumenyetseka pamadzi. Anapulumuka. Chimene chinamukhala mumtima n'chakuti pa kugwa konseko anali maso, akudziwa zimene zikuchitika, ali ndi masekondi angapo, koma analibe chilichonse choti akoke.

Mu 1980 anayambitsa kampani ya Ballistic Recovery Systems, imene imadziwika ndi zilembo zoti BRS, mumzinda wa Saint Paul. Mfundo yake inali yoti parachuti isadikire mphepo, iponyedwe. Kusiyana kwake kuli ngati kwa mwala wongoutaya m'manja ndi mwala wa pa legeni: wa pa legeni umapita kumene wauloza, ndipo umafika msanga. Karoketi kakang'ono ka mafuta olimba kamakoka chikwama chonse cha parachuti, n'kuchipititsa kutali ndi mchira ndi mapiko, zingwe n'kuwongoka m'sekondi imodzi kapena ziwiri. Ndege kaya yapendekeka kaya ikuzungulira, nsalu imakatsegukira mu mpweya wabwino.

Zoyamba zinagulitsidwa mu 1982 kwa eni tindege topepuka kwambiri ta munthu mmodzi, ndipo mu 1983 munthu woyamba anapulumuka ndi chipangizochi ku Colorado. Mu 1993 bungwe loyang'anira za ndege ku America la FAA linavomereza chipangizochi pa ndege za Cessna 150 ndi 152, zimene ambiri amaphunzirira kuyendetsa. Ku Ulaya nkhaniyi inakula payokha. Dziko la Germany limalamula kuti tindege topepuka tikhale ndi parachuti yotere, ndipo ku Czech Republic kuli makampani opanga zimenezi monga Galaxy ndi Stratos 07.

Mphete yochedwetsa

Roketi inathetsa kuchedwa, koma kugwedeza kunatsala. Aliyense amene anatsegulapo ambulera pa chimphepo cha mvula yoyamba amadziwa zimene zimachitika: ukaitsegula kamodzin'kamodzi imatembenuka, nthiti zake n'kuthyoka. Wanzeru amaitsegula theka, ataigwira, kudikira mphepo idutse.

Njira imodzi yochitira zimenezi pa parachuti ndi kumanga pakamwa pake ndi chingwe chimene kampeni ka nthawi kamadzadula pakapita masekondi angapo. Umu ndi mmene ankatsegulira maparachuti atatu a chombo cha Apollo pobwera kuchokera ku mwezi. Njira ina, imene a BRS anaikonza m'zaka za m'ma 1980 potengera zimene ochita masewera odumpha ankagwiritsa kale ntchito, ndi mphete ya nsalu yovekedwa pa zingwe zonse. Ndege ikamathamanga kwambiri, mphepo imakankhira mpheteyo m'mwamba pafupi ndi pakamwa pa parachuti, choncho imatseguka pang'ono chabe. Liwiro likatsika, mphete imatsetsereka kutsika ndipo chinsalu chimafufuma chonse. Ngati ndege inali ikuyenda pang'onopang'ono kale, mphete imatsika nthawi yomweyo. Ubwino wake ndi woti mphepo yomweyo ndiyo imalamula, popanda magetsi kapena kompyuta. Kwa ine, kachipangizo aka n'kofunika mofanana ndi roketi, ngakhale kuti satchulidwa kawirikawiri.

Ndege yomangidwa ndi parachuti kuchokera pachiyambi

Chapakati pa zaka za m'ma 1980, Alan Klapmeier anali kuuluka ku Wisconsin pamene ndege yake inaombana ndi ina m'mwamba. Mbali ya phiko lake inaduka, koma anakwanitsa kutera. Woyendetsa ndege inayo anagwa n'kumwalira, Klapmeier akuona. Iye ndi mchimwene wake Dale anali atayambitsa kampani ya Cirrus mu 1984, ndipo anatsimikiza kuti ndege imene adzagulitse kwa anthu ambiri idzakhala ndi parachuti ngati mbali ya thupi lake, osati chinthu chochita kuwonjezera wogula akafuna.

Mu 1998, m'chipululu cha kumwera kwa California, woyesa ndege Scott Anderson anatsegula parachutiyi kangapo ali m'mwamba, nthawi zina ndege ikuzungulira dala. Mu Okutobala chaka chomwecho FAA inavomereza ndege ya SR20. Anderson anamwalira mu Malichi 1999 poyesa ndege yoyamba yotuluka m'fakitale ku Duluth, imene inali isanaikidwe parachuti. Munthu woyamba kupulumuka pa ngozi yeniyeni ndi chipangizo cha Cirrus, chotchedwa CAPS, anali ku Texas mu Okutobala 2002, kachiphiko kopendeketsera ndege katamasuka ali m'mwamba.

Pali mfundo ina pano imene inabutsa mtsutso. Ndege ikachepa liwiro kwambiri, mapiko amasiya kuinyamula, ndipo nthawi zina imagwa chamutu ikuzungulira ngati nguli. Malamulo ankafuna kuti ndege yaing'ono ionetse kuti woyendetsa angathe kuichotsa mu kuzungulira koteroko ndi ziwongolero. Kwa Cirrus, FAA inavomera kuti parachuti, pamodzi ndi kapangidwe ka phiko kothandiza kupewa vutoli, ndi chitetezo chofanana. Ena anati kumeneko n'kufewetsa lamulo. Ena anayankha kuti ngozi zambiri za mtunduwu zimachitika pafupi ndi nthaka, pamene ngakhale katswiri sangapeze mpata woiwongolera.

Chogwirira chikakokedwa

Chingwe chachitsulo chimayatsa roketi kuseri kwa mipando. Roketi imaboola chivundikiro chopyapyala n'kutulutsa parachuti ya mamita pafupifupi 17 m'mimba mwake, kapena pafupifupi 20 pa ndege zatsopano zolemerapo. Malamba amene anabisidwa m'khungu la ndege amang'amba khungulo n'kutuluka. Poyamba mphuno imaloza pansi, kenako pakatha masekondi asanu ndi atatu lamba wakumbuyo amamasulidwa kuti atalike, ndege n'kukhala chathyathyathya.

Kutera kwake sikofewa. Ndege imatsika mamita 8 kapena 9 pa sekondi, zomwe zikufanana ndi kugwa kuchokera pa mamita pafupifupi 4, monga pamwamba pa denga la nyumba. Miyendo ya ndege ndi zitsulo zonga zisa za njuchi za pansi pa mipando zinapangidwa kuti ziphwanyike m'malo mwa msana wa munthu. Pamadzi miyendo sithandiza kwenikweni, ndipo ena avulala msana. Woyendetsa sasankhanso kogwera: mphepo ndiyo imasankha, kaya ndi pamunda, pamtengo kapena pa mawaya a magetsi. Kawirikawiri ndegeyo imaonongeka kwambiri.

Malire ake ndi omwe aja a m'ma 1920, kungoti anasunthidwa. Poyesa, ndege yowongoka inataya mamita pafupifupi 120 parachuti isanagwire bwino, ndipo yozungulira inataya pafupifupi 280. Liwiro lalikulu limene anaonetsa pa ndege zoyambirira linali makilomita 246 pa ola. Choncho chipangizochi chimathandiza injini ikafa usiku kapena pamwamba pa mapiri ndi nyanja, ndege zikaombana, ziwongolero zikaduka, woyendetsa akasokonezeka m'mitambo, kapena akadwala mwadzidzidzi wokwera naye n'kukoka m'malo mwake. Sichithandiza ndege imene yagunda phiri woyendetsa asanadziwe kuti lili kutsogolo, kapena imene yalephera ikungonyamuka kumene. Pa ndege za Cirrus zokha, parachuti yapulumutsa anthu oposa 200 pa ngozi zopitirira 100. Ilinso ndi mtengo wake: pa zaka 10 zilizonse iyenera kupindidwanso ndipo roketi imasinthidwa.

Nanga ndege zikuluzikulu?

Tiwerengere limodzi. Ndege ya SR22 imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ndipo nsalu ya parachuti yake yoyambirira ndi masikweyamita pafupifupi 220. Boeing 747 yodzaza imafika matani pafupifupi 400, kuwirikiza koposa 250. Kuti itsike pa liwiro lofanana, ikufunika nsalu yokwana mabwalo a mpira pafupifupi asanu ndi atatu. Nsaluyo, zingwe zake ndi zitsulo zolimbitsira thupi la ndege pomangirira zingachotse malo a anthu ambiri. Ndiye pali liwiro: ndege yotere imayenda makilomita pafupifupi 900 pa ola, ndipo mphamvu ya mpweya pamenepo ndi yoopsa ngakhale kwa mphete ija.

Sikuti katundu wolemera sanatsitsidwepo. Maroketi othandizira kunyamula chombo cha mlengalenga cha Space Shuttle, lililonse lolemera matani oposa 80 likatha mafuta, ankagwera m'nyanja pa maparachuti atatu a mamita 41. Koma munalibe anthu, ndipo ankamenya madzi pa liwiro limene munthu wokhala pampando wamba sangapirire. Chifukwa china n'chakuti ngozi zambiri za ndege zikuluzikulu zimachitika ponyamuka ndi potera, pamene palibe mpata woti nsalu itambasuke.

Ndege yolemera kwambiri imene inavomerezedwa kugulitsidwa ndi parachuti yotere ndi Vision Jet ya Cirrus, ya matani 2.7, yovomerezedwa mu 2016. Mu Seputembala 2022 inagwiritsidwa ntchito koyamba pa ngozi ku Florida, ndipo anthu atatu anapulumuka. Poyerekeza, Dornier 228, mtundu wa ndege ija inagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, imafika matani 6 ikadzaza, kuposa kawiri malire amene afikidwa pakali pano.

Zimene sizinathebe kukambidwa

Funso loyamba ndi la khalidwe la munthu. Kodi wodziwa kuti ali ndi chogwirira chofiira amalimba mtima n'kulowa m'nyengo imene akanaipewa? Kwa zaka zingapo zoyambirira, chiwerengero cha ngozi zakupha pa ndege za Cirrus sichinali chabwino kuposa cha ndege zina zofanana nazo, ndipo pa ngozi zambiri chogwirira chinapezeka chosakokedwa. Oyendetsa anaphunzitsidwa kuyambira kale kumenyera ndege mpaka mapeto, ndiye kuitaya mwadala kunkawavuta. Cha m'ma 2011 kupita m'tsogolo, kampaniyo ndi bungwe la eni ndegezi anasintha maphunziro, n'kumalimbikitsa kukoka msanga, ndipo imfa zinatsika. Koma kodi zinatsika chifukwa cha parachuti, kapena chifukwa anthu anaphunzitsidwa bwino mbali zonse za kayendetsedwe? Kulekanitsa ziwirizi n'kovuta.

Lachiwiri likuchokera pomwepo. Ngati vuto ndi kuzengereza kwa munthu, kodi kompyuta izikoka yokha? Nanga ikalakwitsa, n'kutsegula parachuti pamwamba pa msika, pa ndege imene ikanatera bwino, mlandu ndi wa yani?

Pali funso la anthu a pansi. Ndege ikagwa parachuti isanatsegulidwe, roketi imatsala yamoyo m'zigumuka, ndipo ingathe kuphulika opulumutsa akamadula zitsulo. Opanga amamata zizindikiro zochenjeza, koma amene amayamba kufika pamalo a ngozi nthawi zambiri ndi anthu a m'mudzi wapafupi, osati ozimitsa moto ophunzitsidwa. Kodi iwowo awachenjeza ndani, m'chilankhulo chiti?

Ndiye pali ndege zatsopano. Madroni onyamula mankhwala, monga amene anayamba kuyesedwa ku Kasungu mu 2017, ndi opepuka moti parachuti ndi yosavuta kuwaikira, ndipo m'maiko ena imathandiza kuti aloledwe kuuluka pamwamba pa anthu. Koma ndege za magetsi zonyamuka choimirira, zimene makampani akufuna kuti zizinyamula anthu m'mizinda, zidzakhala nthawi yambiri yoopsa zili pafupi ndi nthaka ndiponso zikuyenda pang'onopang'ono, pamene mulibe mphepo yokwanira kudzaza nsalu. Opanga ena akuikamo parachuti. Ena akuti kulemera komweko kuli bwino kukhale kwa mabatire ndi mamota owonjezera, kuti imodzi ikafa zina zinyamule. Akatswiri akuyesa njira zotsegulira nsalu mokakamiza kuti igwire pa mamita ochepa, koma sizinadziwikebe kuti mamita 120 aja angatsitsidwe kufika pati popanda kugwedeza kovulaza anthu amene ali mkatimo.